Mvula ikagwa galimoto zimapita kuti? Za maulendo a dzinja ku Sharpevale

Aliyense wokhala m'chigwa cha Bwanje amadziwa kuti ulendo wa mu Ogasiti ndi wa mu Febuluwale ndi wosiyana kutalitali, ngakhale msewu wake ndi umodzimodzi. M'chilimwe, munthu akaima pa siteji ya Sharpevale sachedwa: ikapanda kutulukira minibasi ya ku Salima itulukira Sienta ya ku Balaka, ndipo amene watsika amachita kulimbiranidwa ndi anyamata a kabaza. Mvula ikangokhazikika zinthu zimatembenuka. Galimoto zimabwera patalipatali, zikabwera zimakhala zitadzaza kale, mtengo umakwera, ndipo wa kabaza ukamutchulira mudzi wa kutsidya kwa mtsinje amangopukusa mutu.

Ambiri amati ndi dyera la madalaivala. Ena amati ndi mmene dzinja limakhalira, palibe chochita. Mayankho awiri onsewa ndi operewera. Galimoto zimasowa chifukwa chiopsezo chonse cha msewu woipa tidachisenzetsa anthu awiri amene alibe pogwira, dalaivala ndi wokwera. Ndipo tidatero chifukwa mvula, imene imabwera chaka ndi chaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, timaichitira ngati mlendo wotidzidzimutsa.

Malo ake ndi otere

Sharpevale ili m'boma la Ntcheu, koma osati ku mapiri ozizira kumene kumachokera mbatatesi ndi kabichi. Ili kumunsi, m'chigwa chotentha cha Bwanje, m'mbali mwa msewu wa M5 umene umapatuka pa M1 pafupi ndi Chingeni n'kudzera ku Bilila, Kasinje, Golomoti, Mua ndi Mtakataka mpaka ku Salima, kenako n'kutsata nyanja mpaka kumpoto. Njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima, imene idatsegulidwa mu 1935, imadutsanso m'chigwa chomwechi.

Kumadzulo kwa chigwachi kuli mapiri a Ntcheu ndi Dedza, ndipo madzi ambiri ogwa kumeneko njira yake ndi yotsikira kuno. Mitsinje monga Livulezi, Bwanje ndi Namikokwe, pamodzi ndi timitsinje tambirimbiri timene m'chilimwe timangokhala mchenga, imadutsa m'chigwamu polowera ku nyanja. N'chifukwa chake mtsinje ungathe kusefukira kuno dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mvula yagwa kumtunda usiku. Msewu ndi njanji zimayenda mopingasa madziwo, kotero mlatho uliwonse ndi kalavati aliyense ndi malo amene ulendo ungadukire. Mu 2003 madzi adakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi, pafupi ndi Balaka, ndipo sitima zidatha pafupifupi zaka ziwiri osafika ku Salima ndi ku Lilongwe. M'zaka zomwezo za m'ma 2000 dziko la Japan lidathandiza kumanganso milatho ingapo ya pa M5 pakati pa Balaka ndi Salima.

Ukachoka pa tala umakumana ndi vuto lina, dothi. Malo ambiri otsika m'chigwachi ndi a makande, dothi lakuda limene m'chilimwe limang'ambika ming'alu n'kulimba ngati mwala, koma likamwa madzi limafufuma n'kumamatira. Mpunga ndi thonje zimakondwa nalo. Matayala sakondwa nalo: limadzaza mizere ya tayala mpaka tayalalo kusalala, limaunjikana pansi pa madigadi mpaka gudumu la njinga kukana kuzungulira. Msewu umene m'chilimwe njinga yamoto imauthamanga osaima, m'dzinja umayendedwa chokankha.

Amene amatinyamula

Kale ntchito yonyamula anthu inali m'manja mwa kampani imodzi yaikulu. Akuluakulu amakumbukira mabasi a United Transport Malawi, amene adagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, kenako n'kudzakhala Shire Bus Lines mpaka kampaniyo idatha mu 2007. Mabasiwo ankachedwa, ankawonongeka panjira, koma anali ndi ndandanda ya nthawi, ndipo dalaivala ankalandira malipiro pa mwezi, kaya basi yadzaza kaya yayenda ndi anthu khumi.

Lero ntchitoyi idamwazikira m'manja mwa anthu zikwizikwi. Pa M5 pamayenda mabasi ochepa a maulendo ataliatali, maminibasi, ndi timagalimoto ting'onoting'ono monga Toyota Sienta timene timagwira ntchito ya takisi yokwera anthu ambiri. Masiku a msika pamabwera malole ndi mapikapu a matola. Kuchoka pa siteji kulowa m'midzi ndi dera la kabaza, wa njinga yakapalasa ndi wa njinga yamoto, ndipo njinga zamoto zambiri m'boma la Ntcheu zidalowa kuchokera ku Mozambique, popeza malire ali pakhomo.

Kusintha kumeneku kudabweretsa zabwino zimene sitingakane. Munthu wa ku mudzi wakutali amaimba foni, njinga n'kudzamutenga pakhomo, chinthu chimene agogo athu sadachilote. Koma palibe mmodzi mwa onyamula anthuwa amene ali ndi udindo woti ayende tsiku lakutilakuti. Aliyense amadzuka, amayang'ana kumwamba, amawerengera m'thumba, n'kusankha yekha.

Kuwerengera kwa dalaivala

Madalaivala ambiri galimoto si zawo. Mwini wake amafuna tageti, ndalama yoikika tsiku lililonse. Mafuta ndi a dalaivala, oitanira pa siteji amafuna yawo, ndipo zotsala ndi zimene iye ndi kondakitala amapita nazo kunyumba. Anyamata ambiri a kabaza nawonso amapereka ndalama kwa mwini njinga pa tsiku kapena pa sabata, ena mwa pangano loti akamaliza njingayo idzakhale yawo.

Dzinja limasokoneza kuwerengera konseku mbali zonse. Okwera amachepa, chifukwa Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zapepuka, ndalama zidathera ku feteleza ndi fizi, ndipo anthu ali kumunda. Galimoto yoyembekezera kudzaza imakhalitsa pa siteji, ndipo ikanyamuka imayenda pang'onopang'ono, kotero maulendo a tsiku limodzi amachepa. Mafuta amatha ambiri, chifukwa m'matope ndi m'maenje galimoto imayendera magiya aang'ono. Mafutawonso ndi odula: kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe la MERA lidakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita, ndipo nthawi zimene mafuta amasowa m'mafilingi siteshoni, dalaivala wa kumudzi amagula a m'zigubu pa mtengo woposa pamenepo.

Choopsa kwambiri ndi kuwonongeka kwa galimoto. Dzenje limodzi lobisika m'madzi lingathe kuphulitsa tayala, kupinda limu kapena kuthyola shokapu, ndipo phindu la sabata yonse limathera kwa makaniko. Madzi akalowa mu injini, ngongole yake ndi ya miyezi. Inshuwalansi imene ambiri amadula ndi yongoteteza anthu ena pa ngozi, siikonza galimoto ya mwini wake. Choncho dalaivala akauza bwana wake kuti, "Bwana, lero ndisatuluke, kumtunda kwagwa yambiri," sikuti ndi ulesi. Waona kuti zimene angapeze n'zochepa kusiyana ndi zimene angataye. Ena amatuluka ndithu koma amangozungulira pa tala, ndipo ena amasamukira kumene kuli okwera ambiri. Apa ndiye pamene galimoto zimapita.

Zimene madzi amachita pa msewu

Mantha a dalaivala ali ndi maziko. Malamulo a pamsewu a ku Britain amaphunzitsa kuti msewu ukanyowa, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime umawirikiza kawiri, ndipo pa msewu wa madzi oundana ungawirikize kakhumi. Mvula yoyamba ndiyo yoterera kwambiri, chifukwa imasakanikirana ndi fumbi ndi mafuta zimene zidaunjikana pa tala m'chilimwe chonse. Mizere ya pa tayala ntchito yake ndi kukankhira madzi kumbali. Ikatha, galimoto yothamanga imayandama pamwamba pa madzi, ndipo chiwongolero ndi mabuleki zimakhala ngati palibe. Onjezerani kulemera kwa anthu opanikizana, matumba a feteleza kumbuyo, mawaipa ong'ambika, galasi lochita nkhungu mkati, ndi msewu wopapatiza umene m'mbali mwake mudadyeka, momwenso mukuyenda njinga, ngolo, ng'ombe ndi ana a sukulu ofunda mapepala a pulasitiki. Amene akwera mapiri kudzera msewu wa Khwekhwelele, wochokera ku Golomoti kupita ku Masasa, amakumananso ndi makona ndi nkhungu.

Madzi odutsa pamwamba pa msewu ndiwo amapha mwachinyengo, chifukwa maso sangayeze kuya kwake, ndipo sangaone ngati pansi pakumbika. A zanyengo a ku America amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 15 angathe kugwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 angathe kunyamula galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto zambiri, ngakhale zazikulu. Masentimita 30 ndi madzi osafika n'komwe m'mawondo. Sienta ndi galimoto yotsika, yopangidwira misewu ya m'tauni za ku Japan. Ikalowa m'madzi otere, injini ingathe kukoka madzi m'malo mwa mpweya n'kuzimira pakatikati pa mtsinje. Ikawoloka bwino, mabuleki amakhala atanyowa ndipo sagwira msanga.

Pamalo otere, nthawi zambiri si dalaivala yekha amene amalakwa. Okwera timamukakamiza: "Tiyeni adalaivala, anzanu adutsa pomwepa, ife tikuchedwa kumaliro." Mawu oyenera kumveka m'galimotomo ndi ena: "Achimwene, tiyeni tidikire aphwe." Mitsinje yotsika m'mapiri imadzaza msanga, ndipo kawirikawiri imaphweranso msanga mvula ikaleka kumtunda.

Kumene kumagwa chipale chofewa

Funso lathuli si la Amalawi okha. M'maiko ozizira, nyengo yovuta kwa oyendetsa takisi ndi ya chisanu, pamene kumagwa chipale chofewa ndipo madzi amaundana pa msewu. Nakonso anthu amadandaula kuti takisi imasowa pa nthawi imene ikufunika kwambiri.

Akatswiri a zachuma adalifufuza funsoli mu mzinda wa New York, poona masiku a mvula. Mu 1997 Colin Camerer ndi anzake, mmodzi mwa iwo Richard Thaler, adalemba kuti madalaivala ambiri amakhala ndi ndalama imene akufuna kupeza pa tsiku, ndipo tsiku la okwera ambiri amaikwanitsa msanga n'kuweruka. Mu 2015 Henry Farber wa ku yunivesite ya Princeton, ataunika maulendo mamiliyoni ambiri, adapeza zina. Mvula ikamagwa takisi zimachepa pa msewu ndi pafupifupi 7 peresenti, koma ndalama zimene dalaivala amapeza pa ola sizikwera, chifukwa ngakhale okwera achuluka galimoto zimayenda pang'onopang'ono. Madalaivala amaweruka chifukwa ntchito yavuta ndipo palibe chowonjezera chimene akupeza. Ngati zili choncho pa misewu ya tala ya ku New York, nanga bwanji pa makande a ku Bwanje?

Abale athu a ku Joni adaonako chipale chofewa ndi maso mu Julayi 2023, chitagwa mu Johannesburg. Mu Seputembala 2024 chidagwa chambiri pa Van Reenen's Pass, pa msewu wa N3 wolumikiza Johannesburg ndi Durban, ndipo galimoto zambirimbiri zidagona pamsewu. Mayi wina amene adakwera minibasi adamwalira ndi kuzizira. South Africa si dziko lozolowera chipale chochuluka chotero, ndipo chidawapeza asadakonzeke.

Maiko ozolowera chisanu amachita mosiyana. Ku Quebec, m'dziko la Canada, lamulo limati kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi galimoto zikhale ndi matayala opangidwira nyengo yozizira. Ku Sweden lamulo lofanana nalo limagwira ntchito kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi ngati msewu uli ndi chipale kapena madzi oundana. Makhonsolo amasungiratu mchere ndi mchenga wothira m'misewu, amakonzeratu makina okankha chipale, ndipo amadziwiratu misewu yoyamba kutsegulidwa, monga ya ku chipatala ndi yodutsa mabasi. Phunziro lake kwa ife si makinawo, amene ndi odula ndipo sitikuwafuna. Phunziro ndi lakuti nyengo yovuta adailemba pa kalendala, ndipo chiopsezo chake adachigawana boma, eni galimoto ndi okwera, osachisiyira dalaivala yekha.

Amene amalipira koposa

M'dzinja maulendo ocheza amachepa, koma maulendo a moyo ndi imfa amachuluka. Ndi nyengo ya malungo, makamaka m'chigwa chotentha cha madambo ngati ichi, ndipo mwana amene wayamba kukomoka sangadikire kuti kuche. Ndi nyengo ya matenda otsekula m'mimba: mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udafika pachimake m'miyezi ya mvula. Ndipo matenda a amayi sasankha nyengo. Mayi amene wataya magazi ambiri pobereka, kapena amene mwana wapingasa, amafunika chipatala chochita opaleshoni. Kwa munthu wa ku Sharpevale zimenezi zikutanthauza ulendo wa ku Ntcheu pa boma, ku Balaka kapena ku chipatala cha mishoni cha Mua. Komabe gawo lovutitsitsa la ulendowo si la pa tala ayi. Ndi makilomita oyamba, kuchoka pakhomo kufika pa msewu waukulu.

Wa kabaza nayenso amalipira ndi thupi lake. Njinga yamoto ikaterereka m'matope itanyamula anthu awiri ndi katundu, miyendo ndiyo imayamba kufika pansi. Madokotala a mafupa m'zipatala zazikulu za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za kabaza. Mnyamata amene wathyoka mwendo amakhala miyezi osagwira ntchito, ngongole ya njinga ikumudikira.

Nanga kukweza mtengo?

Apa pafunika chilungamo mbali zonse. Ulendo umene ukutenga nthawi yowirikiza, mafuta ochuluka ndi chiopsezo chachikulu sungakhale pa mtengo wa m'chilimwe. Tikaumirira mtengo womwewo, onyamula anthu adzangosiya kubwera, ndipo kusowa kwa galimoto n'koipa kuposa kudula kwake. Makampani monga Uber amakweza mtengo okwera akachuluka, ati pofuna kukopa madalaivala kuti atuluke. Koma ngakhale ku New York, mu 2014 kampaniyi idavomera kuika malire pa kakwezedwe kake pa nthawi ya ngozi zazikulu, chifukwa anthu adaona kuti pali kusiyana pakati pa kulipira ntchito yovuta ndi kudyera munthu masuku pamutu.

Kusiyana komweko kulipo pa siteji zathu. Kuwonjezera ndalama chifukwa njira yaipa n'komveka. Kutchula mtengo utayang'ana kaye nkhope ya bambo amene wanyamula mwana wodwala pakati pa usiku, n'kulakwa. Chimene chimapweteka okwera si mtengo wokwera wokha, koma mtengo wosadziwika. Malenki a kabaza ali ndi matcheyamani ndi malamulo awo, amadziwa kulanga amene walanda mnzake wokwera. Angathenso kukhala pansi ndi mafumu mvula isanayambe, n'kugwirizana mtengo wa m'chilimwe, wa m'dzinja ndi wa wodwala pa njira iliyonse, n'kuulemba poonekera.

Zimene zingatheke

Makolo adati walira mvula walira matope. Mwambiwu sukutiuza kuti tikhale manja lende, ukutiuza kuti popempha mvula tikonzekeretu zobwera nayo. Zokonzekerazo zili m'magulu anayi.

Choyamba ndi misewu ya m'midzi. Msewu wa dothi suduka paliponse. Umaduka pa malo ochepa odziwika ndi dzina: pa dambo lakuti, pa kalavati amene adatsekeka ndi mchenga, pa kamlatho ka mitengo kamene kadawola. Wa kabaza aliyense angawatchule ali m'tulo. Kutsegula ngalande, kufukula makalavati, kuthira miyala ndi gelevulo pa malo a makande ndi kumanga timilatho ta simenti n'kotsika mtengo kusiyana ndi kupala msewu wonse ndi giledala, amene kawirikawiri amangosiya dothi lofewa loti mvula yoyamba ikokolole. Ndalama za ntchito yotere zili ndi njira zake: msonkho wa misewu umene timalipira pa lita iliyonse ya mafuta, ndalama za pa zipata monga cha Chingeni chimene chidayamba mu Novembala 2021, thumba la chitukuko la CDF, ndi ntchito za chitukuko zolipira anthu a m'midzi zimene tidazizolowera kuyambira nthawi ya MASAF. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ya m'midzi ili m'manja mwa khonsolo, ndipo makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC ndiwo khomo lolowera.

Chachiwiri ndi galimoto zenizenizo. Apolisi a pamsewu ndi nthambi yoona za pamsewu atati aike mtima pa matayala, mabuleki, mawaipa ndi magetsi m'mwezi wa Okutobala, n'kupereka nthawi yoti eni ake akonze, angapulumutse anthu ambiri kuposa chindapusa cholipiritsa mvula ili mkati. Eni galimoto nawonso avomere kuti tageti ya mu Febuluwale singafanane ndi ya mu Julayi. Dalaivala amene akuthamangitsidwa ndi tageti ndi amene amalowa m'madzi.

Chachitatu ndi uthenga. Nthambi yoona za nyengo imalengeza machenjezo pa wailesi ndi pa mafoni, koma chenjezo la dera lonse silinena za mtsinje wa kwanu. Madalaivala ndi akabaza ali kale ndi mafoni ndi magulu a WhatsApp. Wa kumtunda akaona mvula yamphamvu, wa kumunsi ayenera kudziwa madzi asanafike. Ndodo zoyezera kuya kwa madzi, zopakidwa utoto pa malo owolokera, zimathetsa mkangano wa dalaivala ndi okwera.

Chachinayi ndi ulendo wa wodwala. Ku Tanzania ndi ku Lesotho kuli ndondomeko yotchedwa m-mama: mayi woyembekezera akapezeka pa vuto, amaimbira nambala yaulere, ndipo ngati ambulansi palibe, amatumiziridwa dalaivala wa takisi wa m'dera lomwelo amene adalembetsedwa kale, ndipo amalipidwa ndi ndondomekoyo. Nzeru yake ingagwire ngakhale pa mudzi umodzi: thumba laling'ono losungidwa ndi komiti ya zaumoyo kapena banki m'khonde, ndi mayina a akabaza awiri kapena atatu ovomera kudzuka usiku chifukwa akudziwa kuti ndalama yawo siitayika. Ndipo amayi a kutsidya kwa mitsinje, amene masiku awo agwera m'dzinja, alimbikitsidwe kupita kuchidikiro nthawi ikadalipo, mabanja awo atawakonzera ufa ndi nkhuni zokwanira.

Palibe chimodzi mwa zinthu zinayizi chimene chingachitike mtsinje utadzaza kale. Kalavati amafukulidwa kukadali kouma, mtengo umagwirizanidwa anthu asanapanikizike, tayala limagulidwa ndalama za zokolola zikadali m'thumba. Choncho msonkhano wa ADC wa mu Seputembala uyenera kukhala ndi madalaivala ndi akabaza pa mpando, osati panja pa windo, ndipo ufunse mafunso atatu: ndi malo ati amene adatidula dzinja lathali, akonza ndani ndipo ndi ndalama ziti, ndipo mayi akadwala usiku ku mudzi wa kutsidya aimbira yani? Mafunso amenewa akayankhidwa mvula isanagwe, dalaivala adzakhala ndi chifukwa chotulukira mu Febuluwale, ndipo wokwera adzakhala ndi chifukwa chomukhulupirira.